Kumva Zomwe Munthu Sakunena: Malangizo kwa Opita Kukaona M'bale

Kuno ku Mulanje palibe amene amayankha moni ndi mavuto ake. Mayi amene wagona ndi njala, bambo amene ntchito yamuthera ku esiteti, mtsikana amene akubisa mimba, onsewa mukawafunsa ayankha kuti "Ndili bwino, kaya inu." Sakunama. Tinaleredwa choncho, kuti mlendo sumuthira madandaulo asanakhale pansi. Vuto ndi lakuti ambiri timalandira yankho limenelo n'kubwerera kwathu mtima uli m'malo, pomwe thupi la munthuyo linali kutiuza zina.

Kuyambira Malichi 2023, pomwe namondwe wa Freddy anatsitsa napolo m'mapiri a Mulanje ndi Phalombe, ndipo anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa m'dziko muno, m'midzi mwathu muli anthu ambiri amene amayenda, amalima, amapita kutchalitchi, koma mkati simunapole. Sadzabwera kudzakuuzani. Malangizo awa ndi a inu amene muli ndi munthu amene mukumudera nkhawa ndipo mwaganiza zopita kukamuona.

Choyamba: musananyamuke, kumbukirani mmene amakhalira masiku onse

Apa ndi pomwe pagona zonse. Chizindikiro chilichonse chimene mukachione chili ndi tanthauzo pokhapokha mukachiyerekeza ndi mmene munthuyo amakhalira akakhala bwino. Alipo anthu ofatsa chibadwire, amene kukhala duu ndi mtendere wawo. Alipo ena amene mumawamva akuseka mudakali kumsewu. Wofatsa uja akakhala chete palibe nkhani. Wa phokoso uja akakhala chete, nkhani ilipo.

Ndiye mukuyenda, dzifunseni: kodi amayankhula mokweza kapena motsitsa? Amayenda mwachangu? Amakonda kuvala zochapa bwino? Pakhomo pake amasesa nthawi yanji? Ngati simukumudziwa kwenikweni, funsani amene amatunga naye madzi kapena amene amathyola naye tiyi mzere umodzi. Funso lake likhale lakuti "Kodi masiku ano akukhala ngati kale?"

Chachiwiri: yambani kuona musanafike pakhonde

Munthu akadziwa kuti akuonedwa amakonza nkhope. Mphindi yomwe asanakuoneni ndi yomwe imanena zambiri. Sindikunena kuti mubisale kuseri kwa nthochi n'kumamuzonda ayi. Ingoyendani maso ali patsogolo. Wakhala bwanji? Mapewa agwa, mutu wazyolika? Wagwira tsaya akuyang'ana pamodzimodzi? Ntchito ili m'manja koma manjawo sakuyenda? Onaninso pabwalo: zinyalala za masiku angapo, mbale zosatsuka, pamoto pozizira dzuwa lili pamutu, pakhomo pomwe kale pankawala.

Kenako odirani, mumvetsere. "Afike!" wotuluka ndi mphamvu ndi wosiyana ndi "eee" wochedwa, wochokera m'nyumba yotseka masana. Onani mmene akudzukira kudzakulandirani, ngati akudzuka n'komwe.

Chachitatu: khalani pambali pake, manja anu agwire kanthu

Musakhale moyang'anizana naye ngati mukuzenga mlandu. Khalani chammbali, pamphasa kapena pakhonde, mutu wanu usapose wake. Ngati akusenda nandolo kapena akutongola chimanga, tengani zina muzithandiza. Ngati ndi bambo, muperekezeni kudimba kapena yendani naye kupita ku Chitakale. Anthu ambiri amamasuka maso a mnzawo akakhala kwina, ndipo inu mumapeza mpata womuona popanda kumuyang'anitsitsa. Foni ilowe m'thumba.

Chachinayi: chotsani kaye zonse zomwe ndi ulemu chabe

Pano ndikhalitsapo, chifukwa ndi pomwe anthu ophunzira amalakwitsa kwambiri. Pa Facebook ndi pa WhatsApp pamayenda timalangizo tonena kuti munthu amene sakukuyang'ana m'maso akunama, amene wapinda manja akukukana, amene akukanda mphuno akubisa kanthu. Zambiri mwa izi zinalembedwa poganizira anthu a kwina, ndipo ngakhale kwawoko sizigwira.

Kwathu kuno mwana woleredwa bwino sayang'ana wamkulu m'maso. Amagwada, amayang'ana pansi, amalandira chinthu ndi manja awiri, amatsitsa mawu. Mtsikana akamayankhula ndi atsibweni ake akutokosa pansi ndi kamtengo, sikuti wapalamula. Mkamwini akaona apongozi ake aakazi akubwera m'njira n'kupatuka, kapena akamayankhula nawo ali chapatali nkhope itayang'ana kumbali, si chidani chimenecho, ndi mwambo wa pachikamwini womwe Alhomwe ndi Amang'anja a kuno akuudziwa. Wothyola tiyi akavula chipewa n'kumayankha kapitawo maso ali pa sikelo, akungosunga ntchito yake. Mlendo wosadziwa angaone mantha paliponse, pomwe ndi ulemu. Ndipo pena zimatembenuka: mwana amene wakhala akuweramira pansi zaka zonse, lero n'kukutong'olerani maso osaphethira, ameneyo ndiye ali ndi mkwiyo.

Za kugwira wabodza poona thupi, zisiyeni. Mu 2006, akatswiri awiri a ku America, Charles Bond ndi Bella DePaulo, anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku woposa 200 pa nkhani imeneyi. Anapeza kuti anthu akamasiyanitsa wonama ndi wonena zoona amalondola pafupifupi ka 54 pa 100 paliponse. Wongolota chabe amalondola ka 50. Kuthawitsa maso, komwe anthu a m'mayiko ambiri amakhulupirira kuti ndi chizindikiro cha bodza, kafukufuku sanakupeze kukhala kodalirika. Ndimamva chisoni ndikaganiza za ana amene akwapulidwa chifukwa ananjenjemera pofunsidwa za ndalama yosowa. Mwana wosalakwa amanjenjemeranso, chifukwa akuopa chikwapu chomwecho. Thupi limakuuzani kuti munthu ali ndi mantha, koma silikuuzani chimene akuopa.

Chachisanu: onani nkhope, makamaka kumtunda kwake

Pakamwa ndi posavuta kulamula. Aliyense angathe kumwetulira pofuna kusangalatsa mlendo. Dokotala wa ku France, Duchenne de Boulogne, anaonetsa mu 1862 kuti kumwetulira kwa chimwemwe chenicheni kumakoka minofu yozungulira maso: masaya amakwera, maso amachepa, m'mbali mwake mumachita timakwinya. Kumwetulira kwa ulemu kumathera pamilomo. Alipo amene amatha kukweza masayawo mwadala, choncho musakutenge ngati umboni wosatsutsika, koma mukaona mano ali poyera maso ali zii, sungani zimenezo mumtima. Onaninso mmene kumwetulirako kukuthera. Kumwetulira kochokera mumtima kumazilala pang'onopang'ono. Kokakamiza kumazima nthawi yomweyo mukangotembenuka.

Chisoni chimaonekera pa nsidze: mbali zake zamkati, pamwamba pa mphuno, zimakwera n'kuyandikana, zikope zimalemera, ngodya za milomo zimagwa. Mkwiyo umatsitsa nsidze n'kuchititsa tsinya, milomo imapanikizana, nsagwada zimalimba. Mantha amatong'ola maso n'kukokera milomo chakumakutu. Zimenezi nthawi zambiri zimangowalima kamphindi, makamaka mukatchula dzina kapena nkhani inayake, kenako nkhope imabwerera mwakale. Ndiye gwirani kuti nkhopeyo yasintha mutatchula chiyani: dzina la mwamuna wake amene ali ku Joni, ngongole ya kubanki mkhonde, kapena mwana amene anapita ndi madzi.

Paul Ekman, katswiri wa ku America, anapita kwa anthu a mtundu wa Fore ku Papua New Guinea chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, n'kupeza kuti nawonso ankazindikira zambiri mwa nkhope za chimwemwe, chisoni, mkwiyo ndi kunyansidwa pa zithunzi za anthu akutali. Koma mu 2014 gulu la akatswiri ena, Maria Gendron ndi Lisa Feldman Barrett, linapereka zithunzi zotere kwa anthu a mtundu wa Himba ku Namibia, ndipo iwo sanazigawe m'magulu ofanana ndi omwe anthu a ku America anagawa. Akatswiri akadatsutsanabe. Kwa ife phunziro lake ndi losavuta: nkhope imatipatsa poyambira, koma kuti timve bwino tiyenera kudziwa munthuyo, kwawo, ndi zomwe zamuchitikira.

Ndipo pali nkhope ina yomwe imandidetsa nkhawa kuposa yolira: yosasintha. Mukanena zoseketsa ili chimodzimodzi, mukanena zachisoni ili chimodzimodzi, mdzukulu akabwera akuthamanga ili chimodzimodzi. Wolira akadali nafe. Uyu ndiye wapita patali.

Chachisanu ndi chimodzi: mverani liwu, mpweya ndi chete, kenako manja

Mwina munaonapo zolembedwa zakuti mawu amangonyamula magawo 7 pa 100 a uthenga, liwu 38, nkhope 55. Manambalawa anachokera ku kafukufuku wa 1967 wa katswiri wa ku America, Albert Mehrabian, momwe anthu ankamvetsera liwu limodzilimodzi lojambulidwa n'kuweruza ngati wolinenayo akukonda kapena akuda amene akumuyankhulayo. Sankayesa kucheza kwa tsiku ndi tsiku, ndipo mwiniwakeyo anachenjeza kuti manambalawo asagwiritsidwe ntchito paliponse. Chomwe tingatolepo ndi ichi: mawu ndi liwu zikasemphana pa nkhani ya zamumtima, anthu amakhulupirira liwu. "Palibe vuto" wonenedwa ndi mawu onjenjemera, munthu akumeza malovu, ndi vuto.

Mverani ngati mawu atsika kuposa kale, ngati akuchedwa kuyankha, ngati mayankho afupika kukhala "eya" ndi "ayi". Mverani kuusa moyo kobwerezabwereza. Mverani kutsonya kotsitsa komwe kumatuluka dzina lina likatchulidwa. Wankhawa amayankhula mothamanga, mpweya uli pachifuwa, kudumpha nkhani iyi kupita ina. Kuseka nakonso kumanyenga: ambirife timaseka tikachita manyazi, ndipo munthu angakufotokozereni mmene nyumba yake inagwera akuseka. Musamuone ngati wolimba mtima msanga.

Chete musamuthamangitse. Mukafunsa funso iye n'kukhala duu, werengani mumtima mpaka khumi musananene kanthu. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mawu olemera amatuluka pambuyo pa chete wotere, ndipo ambirife timawatsekera pakhomo chifukwa chofulumira kunena kuti "limbani mtima".

Manja ndiye sabisa zambiri, poti mwiniwake amawaiwala. Kupotokola nsonga ya chitenje, kufikisa zikhatho, kutsina zala, mwendo kugwedezeka osaleka: mtima suli m'malo. Kugwira m'chiuno ndi kuloza ndi chala aliyense akudziwa kuti ndi mkangano. Manja kumutu ndi a maliro, n'chifukwa chake mwana akatero akuluakulu amamukalipira. Wamkulu akawaika kumutu popanda maliro, wafika pothedwa nzeru. Onaninso amene amadzidzimuka kapena kuteteza nkhope wina akakweza mkono pafupi naye, ndi mayi amene amacheza bwinobwino koma amazima n'kuyamba kuyang'ana pakhomo akangomva njinga ya bambo ikufika.

Lamulo pa zonsezi ndi lakuti chizindikiro chimodzi si nkhani. Dikirani muone zingapo zikuloza kumodzi, ndipo zikubwerezeka.

Chachisanu ndi chiwiri: dzifunseni ngati si thupi chabe

Mu Juni ndi Julayi chiperoni chikatsika m'phiri, Mulanje yense amapinda manja n'kukweza mapewa. Nthawi ya dzinja, masamba a tiyi akachuluka, mayi amene wayenda ndi dengu kumsana kuyambira mbandakucha amabwera mapewa atagwa ndipo safuna zoyankhula. Njala, kusagona, dzino, malungo, kuchepa kwa magazi, zonsezi zimagwetsa nkhope. Agogo amene sakuyankha mwina makutu ndiwo akutha.

Zina ndi za kuchipatala lero lomwe, osati mawa. Nkhope ikapotokera mbali imodzi mwadzidzidzi, mkono umodzi n'kufooka, lilime n'kulemera, imeneyo ikhoza kukhala sitiroko, pezani galimoto. Munthu amene wayamba kusokonezeka kapena kuyankhula zosamveka thupi likutentha, akayezedwe malungo msanga. Mwana amene walefuka, akukana kuyamwa, akupuma mothamanga nthiti zikulowa mkati, musamuyese wokwiya kapena wamanyazi.

Kunena za ana, iwo alibe mawu ambiri ofotokozera zamumtima, ndiye zimatulukira m'machitidwe. Mwana amene anasiya kukodza pogona n'kuyambiranso, amene wasiya kusewera ndi anzake, amene amakakamira chitenje cha amayi ake mitambo ikangoda, amene amatseka makutu mvula ikamagunda malata kapena mtsinje wa Ruo ukamalindima, akukuuzani za mantha. Amene wayamba mwadzidzidzi kukana kutumidwa kunyumba inayake, kapena amauma thupi munthu wina akamuyandikira, musamukakamize. Mufunseni mofatsa muli awiri. Ndipo mukakaona mayi wa khanda, onani mmene awiriwo akuyang'anirana. M'zaka za m'ma 1970, katswiri wa ku America, Edward Tronick, anapempha amayi kuti aumitse nkhope kwa mphindi zochepa pamaso pa makanda awo. Makandawo ankayesa kumwetulira, kutambasula manja, kukuwa, kenako ankatembenukira kumbali n'kulira. Khanda limadalira nkhope ya mayi ake. Mayi amene akuyamwitsa akuyang'ana kutali, osaseka ndi mwana masiku ambiri, si waulesi kapena wouma mtima. Matenda okhumudwa amagwira amayi ena akangobereka, ndipo amachizika.

Chachisanu ndi chitatu: nenani zomwe mwaona, mufunse

Zonse mwaonazi ndi zongoganizira mpaka mwiniwake atatsimikiza. Mtima wa mnzako ndi tsidya lina. Choncho musamuuze zomwe akumva. Mukati "Mwakwiya inu" kapena "Mukubisa kanthu", atseka chitseko. Nenani chimene maso anu aona, modzichepetsa, pomwe palibe ena akumva:

"Achemwali, ndaona kuti masiku ano simukubwera kukwaya, ndipo lero nsima mwangoigwiragwira. Mtima wanga sunakhazikike. Kodi zikuyenda?"

"Atsibweni, pepani ndifunse nawo. Muja tinatchula za munda wa kumtsinje mwausa moyo kawiri. Chilipo chikukuvutani?"

Kwa mwana: "Iwe, bwera ukhale apa. Ndaona mvula ikayamba umathawira kuchipinda. Umaopa chiyani?"

Kwa apongozi kapena munthu amene mwambo sukulolani kumufunsa maso ndi maso, tumani woyenera: mlamu, mchemwali wake, kapena mayi wachikulire wa kumpingo.

Nthawi imeneyi thupi lanu nalo likuyankhula. Mukamafunsa maso ali kumsewu, thumba lili paphewa, mwamuuza kale kuti ayankhe mwachidule. Khalani mokhazikika, tsitsani mawu, gwedezani mutu, muzivomera ndi "eee" wapansipansi. Akanena chinthu chodzidzimutsa musagwire pakamwa kapena kuwomba m'manja, chifukwa akaona nkhope yanu yasintha asiyira pomwepo. Misozi ikayamba kulengeza musathamangire kuiletsa. Kumugwira dzanja kapena paphewa kumathandiza ngati ubale wanu ukulola. Akauma kapena kusendera kutali, chotsani dzanjalo osakhumudwa.

Akayankha kuti "palibe, kutopa chabe", landirani. Mwina ndi zoona. Mwina sanakonzeke. Muuzeni tsiku lomwe mudzabwerenso, ndipo tsikulo mubweredi. Anthu ambiri amamasuka ulendo wachiwiri kapena wachitatu, ataona kuti zomwe ananena poyamba sizinamveke kuchigayo.

Chomaliza: dziwani pomwe kucheza kokha sikukwanira

Munthu akakhala wokhumudwa pafupifupi tsiku lonse kwa milungu iwiri kapena kuposa, osasangalala ndi zomwe ankakonda, kudya ndi kugona zitasokonekera, achipatala amaona kuti akhoza kukhala matenda. Muperekezeni. Yambani ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena chipatala chaching'ono chapafupi, ndipo iwo akhoza kukutumizani kuchipatala chachikulu cha boma pa Mulanje, komwe mungafunse anamwino oona za matenda a maganizo. Musamutume yekha, munthu wotere mphamvu yokwera kabaza n'kukaima pamzere alibe.

Pali zizindikiro zina zosafunika kudikira milungu iwiri. Munthu akayamba kugawa katundu amene amamukonda, kubweza ngongole zonse mwadzidzidzi, kuyendera abale ngati akutsanzika, kunena kuti "posachedwa mupumula nane", kapena akakhala phee modabwitsa pambuyo pa masiku ambiri a kuvutika, mufunseni mosapita m'mbali: "Achimwene, kodi mukuganiza zodzipha?" Kufunsa sikumupatsa maganizowo, a zaumoyo amalimbikitsa kufunsa. Malipoti a apolisi m'dziko muno amaonetsa kuti ambiri mwa odzipha ndi amuna, omwe aja tinawaphunzitsa kuti mwamuna salira, choncho bambo wachete musamudumphe. Akavomera, kapena akakhala chete mutu uli pansi, musamusiye yekha. Chotsani m'nyumba mankhwala a mbewu ndi a makoswe, itanani wachibale amene amamukhulupirira, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Ngati zomwe mwaona zikuloza ku nkhanza, kupolisi kuli ofesi yothandiza ozunzidwa, ndipo za ana mungaimbe mwaulere pa 116. Mayi amene mukumuganizira kuti akumenyedwa mufunseni ali yekha, kumjigo kapena panjira ya kumsika, ndipo musapite kukamufunsa mwamunayo mayiyo asanakuuzeni komwe akagone usiku umenewo.